Ulalo wa Nsalu Yoyera

Kha atamira m'dziwe la kumunsi kwa doko la pa kachere, anthu anamutchula mayina abwino okhaokha. Ankati malemu, ankati mnzathu, ankati munthu wosadziwa kukweza mawu. Ife a m'mabwato a pa mtsinje wa Lam tinanena zomwe timanena masiku onse, kuti Eni madzi atenga wawo. Dzina lawo lenileni Eni madziwo, Hà Bá, sititchula tili pamadzi, angatembenuke n'kufunsa kuti wawaitana ndani. Mtembo tinaufunafuna ndi mbedza mpaka kumunsi kwenikweni, koma ayi ndithu, osapezeka. Mkazi wake, Xoan, anamanga kansalu koyera kumutu n'kubwerera kukakokola tinkhono mumchenga, poti mwana wawo Na sakanadya misozi.

Chaka chisanathe, kamtsikana ka kumtunda kanatsikira padoko lomwelo kukatsuka mapazi. Kanali kasanayambe n'sukulu komwe, dzina lake Mít, mwana wa Hiên, mayi amene ankalima mbatata m'mbali mwa mtsinje. Kanaterereka. Anakapeza m'mawa mwake katakodwa m'mizu, ndipo pakakolo pake panali mkwingwirima wakuda. Amayi amene anakasambitsa anauona, anayang'anana, ndipo dzuwa lisanalowe Kha anali atasiya kukhala malemu. Anali ma da.

Pakamwa pa munthu, abale! Hà Bá anthu amamuphera nkhuku n'kumugwadira. Thuồng luồng, chinjoka chija chimagona m'maenje a pansi pa matanthwe, amachitchula monong'ona, ndi ulemu wa mantha. Koma ma da palibe amamupatsa ulemu. Ndi munthu womira amene wazizidwa pansipo, wangoti phee kudikira mwendo wa mnzake kuti aukoke. Dzina limenelo amaopsezera ana, amatukwanira agalu, akalitchula amalavula. Ndipo akuti ameneyo ndiye Kha, munthu amene ankapepesa nsomba poichotsa pambedza!

Kumsika, dengu la Xoan linayamba kubwerera lodzaza. Amayi omwe kale ankalimbirana tinkhono take ankangodutsa atapendeketsa zipewa. Tsiku lina Hiên anaima patsogolo pake, maso ali psuu.

"Zanenepa bwino nkhono zakozi," anatero. "Zadya chiyani pansipo? Mwana wanga?"

Anakankha dengulo ndi phazi, tinkhono n'kuti mbwee m'matope. Xoan anatola kamodzikamodzi osayankha, chifukwa mayi woferedwa subwezerana naye mawu. Koma atafika kubwato anapeza Na atadzipinda kuseri kwa guwa la makolo, chikwama cha sukulu atachiponya pansi.

"Amayi, abambo ndi ma da?"

"Wanena ndani?"

"Onse. Ndikafika amakweza miyendo m'mwamba n'kumakuwa kuti ndiwakoka. Akuti abambo ali ndi tsitsi lalitali ngati ndere, akuti amalira m'bango ngati khanda kuti munthu ayandikire."

"Abambo ako tsitsi linawathera pamutu iwe usanabadwe. Ndereyo aitenga kuti?"

Na anaseka pang'ono, kuseka kuja n'kusanduka kulira. "Nanga ndi chiyani tsopano?"

"Ndi abambo ako. Ali m'madzi, ndipo tachedwa kukawatenga."

Anayatsa lubani patsogolo pa chithunzi cha mwamuna wake. Mtima unali utamupsa, koma analankhula ngati akumutuma kumsika.

"Bambo a Na, ndikutulutsanimo m'madzimo. Anthuwa afune asafune."

M'mawa mwake anakwera kumtunda kukaonana ndi a Mão, nkhalamba yodziwa kuitana mizimu, imene inkakhala kuseri kwa kachisi. Anawapeza akutafuna masamba aja ofiiritsa mkamwa, tiyi wobiriwira ali pambali. Anaika mphatso yake patebulo, nafotokoza chomwe anadzera: ulalo wa nsalu yoyera, wochokera pomwe munthu anamirira kufika pamtunda, woti mzimu ukwerepo n'kutuluka.

"Wamugwira ndani mwamuna wakoyo?" anafunsa a Mão. "Poti nkhani imayambira pamenepo, mwana wanga. Ngati ndi Hà Bá, timapepesa, timapereka munthu wa pepala, chidole chopanga ndi mapepala, akagwire ntchito m'malo mwake. Mfumu imamva. Ngati ndi thuồng luồng, bwerera ukalire, chinjoka sichibweza chomwe chameza."

"M'dziwe lija mulibe chinjoka, agogo. Takhala tikuponyamo maukonde chibadwireni changa."

"Ehe. Ndiye kwatsala dzina lachitatu lija, limene lakukwezetsa chitunda chonsechi usanadye."

"Amuna anga sanakoke munthu."

A Mão analavulira m'kachitini, napukuta pakamwa. "Tandiuza, iwe wobadwira pamadzi. Ma da amakokeranji munthu?"

"Kuti wina akhale m'malo mwake, iye atuluke."

"Basi. Wakoka, watuluka, wapita kukabadwanso. Tsono a kumtundawa akuti Kha anakoka mwana, akutinso Kha akadali momwemo akufuna wina. Zitheka bwanji zonse ziwiri?"

Zinamulowa Xoan pang'onopang'ono ngati madzi m'bwato lobooka. Ngati Kha anakokadi, ndiye kuti anatuluka kalekale, ndipo wotsala pansipo, mwini wa dzina lonyansalo, ndi kamwana kaja.

"Ndiye kuti ma da wawoyo ndi..."

"Ine sindinanene," a Mão anamudula. "Ndipo mudzi wonse ukudziwa, koma sunena. N'kosavuta kutukwana mwamuna wa m'bwato kusiyana n'kutukwana kamwana ka mnansi wako. Koma tamvera, ulalowu ukhoza kukutembenukira. Ndikaitana, ndimaponya tindalama tiwiri takale m'mbale. Kena kakagwa chagada, kena chafufumimba, ndiye kuti munthu alimo ndipo wavomera kukwera. Pamenepo aliyense adzaona kuti sanakoke munthu, poti akanakoka sakanapezekamo. Koma ndimaponya katatu kokha. Tikakana katatu konse, anthu adzati mulibe, anatulukira pamwendo wa mwana uja. Udzakhala utamumanga wekha ndi manja ako."

"Alimo," anatero Xoan. "Ndimawadziwa ine. Akhoza kukhala momwemo mpaka mtsinje kuuma, koma sangagwire mwendo wa mwana."

"Akazi nonse mumatero, mumawadziwa. Wanga anandidziwa mpaka kundithawa." Nkhalamba inaseka yokha, nimwa tiyi. "Chabwino. Peza nsalu yaitali. Peza wogwira nsonga ya kumadzi. Peza mwini nthaka woti agwire nsonga ya kumtunda, chifukwa mzimu suponda pomwe sunaitanidwe. Zinazo ndi zanga."

Za nsonga ya kumadzi anayamba wafunsa mlamu wake Sinh, mkulu wake wa Kha. Anamupeza akusoka ukonde kumutu kwa bwato lake. Sinh anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa ukonde.

"Make Na, zisiye zimenezi. Eni madzi salandidwa. Ukachotsa mmodzi amaona kuti wasowa, amabwera kudzatenga wina. Ine ndili ndi ana m'bwato muno."

"Ndi mng'ono wanu, alamu."

"Ukuyesa sindidziwa? Ndimalira ine. Koma lamulo silinayambe ndi ine. Nanga zikakana ndalamazo? Lero akungonong'ona, mawa adzaimba ndi ng'oma."

"Ndiye tingokhala? Mng'ono wanu azizizidwa pansipo, Na azitchedwa mwana wa ma da mpaka imvi?"

"Anthu amaiwala."

"Mwaiwala ndinu," anatero Xoan, nakankha bwato lake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nsonga ya kumadziyo adzaigwira yekha.

Za kumtunda ndiye zinali zoseketsa, kuseka kwake kwa misozi. Akuluakulu a mudzi anamulandira pakhonde la nyumba ya msonkhano, osamupatsa n'pokhala pomwe.

"Mayi, ganizo lanuli ndi labwino kwambiri," anatero wamkulu wawo. "Chinthu chimenecho chichokedi m'dziwemo. Ana athu aleka kusamba."

"Ndiye mundilole padoko, bambo."

"Padoko? Pomwe akazi athu amatsukira mpunga? Chitulukire pamenepo, kenako chilowe m'nyumba ya yani? Ayi, padoko ayi. Kachitulutsireni kwina."

Kwina kuti, anthu inu, munthu wobadwira m'bwato, wopanda ngakhale kadothi kodzalapo anyezi? Xoan anaima pamwamba pa khoma la dothi lotchinga madzi, nayang'ana mtsinje. Tsidya linali kutali, nsalu sikanafika. Pafupi ndi dziwelo, kupatula doko, panali malo amodzi okha otsikira kumadzi. Linali dimba la mbatata la Hiên.

Anapita. Anamangirira bwato, nakwera. Hiên anali momwemo monga analili tsiku lililonse, akupalira mizere yopanda udzu, nkhope ili kumadzi.

"Ukufuna chiyani pano? Wabwera kudzamusankhira wina?"

"Achemwali, ndabwera kudzapempha. Ndikufuna kumanga ulalo. Nsonga yake ifike pano, inu muigwire."

Hiên anaseka kuseka koipa. "Ine? Ndimugwirire ulalo wondiphera mwana? Akafika ndimupatsenso mpando ndi tiyi? Koma anthu a m'mabwato, manyazi munawasiya kuti?"

Mawu aja a kwa a Mão anali pamlomo pa Xoan, okonzeka. Akanangowatulutsa, mkazi uyu akanagwa pansi osadzukanso kudzakankha dengu la munthu. Ndipo tisanamizane, ankafuna kuwatulutsa. Ankafunitsitsa.

"Amuna anga akadali m'madzimo," anayamba. "Akanakhala kuti anakoka munthu, bwenzi..."

Anaima. Anaona Hiên atatsamira pampini wa khasu.

"Maliza," anatero Hiên motsitsa mawu. "Bwenzi atatuluka, ndiye wotsalamo ndani? Maliza! Ukuyesa ndiwe wekha unakulira pa mtsinje uno? Ukuyesa ndimalimanji pano popanda udzu?" Anapukuta mphuno ndi mkono. "Apongozi anga akuti mwana wotsogola makolo ake saikidwa paguwa, satchulidwa, samangiridwa ulalo. Akuti tinakwirira, zinatha. Tinakwirira thupi. Mwiniwake ali apa, ndimamumva." Analoza madzi ndi chibwano. Kenako nkhope yake inaumanso. "Choka pa nthaka yanga."

Xoan anachoka pa nthakapo, koma pamadzi sanachoke, poti madzi alibe mwini wa kumtunda. Anazika nsungwi yake kumunsi kwa dimbalo, namangirira bwato, n'kuyamba kusoka. Nsalu yogula inali yochepa. Anaphatikiza chovala chake choyera cha maliro, cha Na, chinsalu chotchinga pogona, ndi matumba a ufa ochapa mpaka kuyera mbee. M'mawa ankakokola tinkhono, masana ankabwera pamalo omwewo, singano kumanja, nsalu itaunjikana pamiyendo. Hiên ankapalira kumtunda, Xoan ankasoka kumunsi, osalankhulana. Dzuwa linamuotcha, mvula inamunyowetsa. Amuna odutsa pa khoma ankakuwa kuti mayi, mukusokera thuồng luồng malaya? Mwamuna wa Hiên anabwera tsiku lina n'kumuponyera zibuma. Xoan anasuntha bwato pang'ono kufika pomwe zibuma sizifika, napitiriza msoko.

Ngakhale atero, nsalu inali yoperewerabe. Tsiku lina bwato la Sinh linadutsa pafupi kwambiri, mwiniwake atayang'ana kumbali, ndipo kamtolo kanagwera m'bwato la Xoan. Chinali chovala cha maliro cha Sinh, pamodzi ndi cha mkazi wake.

"Sindinakupatse ine," anatero osatembenuka. "Zangogwa."

"Ndaona, alamu. Mphepo yalero ndi yoipa."

Mwezi unatha, wina n'kuyamba. Zala za Xoan zinatupa, zinaphulika, zinauma. Sanayang'ane kudimba ngakhale kamodzi ndi maso opempha. Anali atapempha kale, ndipo pempho lake linali pompo, likutalika tsiku ndi tsiku pamaso pa mwini dimba. Tsiku lina masana, mawu anatsika kuchokera m'mizere ya mbatata.

"Msoko wakowo ndi waulesi. Madzi akadzakoka udzang'ambika pakati."

Xoan sanakweze mutu. "Ndibwereza."

"Ubwereze kawiri." Hiên anazika khasu pansi. "Mkuja apongozi ndi bambo a kunyumba akupita kumudzi wina wa kumtunda kwa mtsinje, kuli mwambo wokumbukira agogo awo. Ubwere m'mawa wa tsikulo ndi nkhalamba yakoyo. Usayese ndakukhululukira. Ndikufuna ndidzamve ndi makutu angawa ndalamazo zikumukana."

"Zikomo, achemwali."

"Usandithokoze, ndingasinthe maganizo."

Tsikulo litafika, khoma lonse linadzaza anthu, ndi aja omwe anakaniza doko lawo. Kukana anakana, koma maso salipira. Mabwato athu anaima chapatali m'mbali mwa mchenga. Na analira kuti apite nawo kudziwe, koma mayi ake anamukweza m'bwato la Sinh n'kumuuza kuti akhale pomwepo, abambo ake akatuluka amuone ali pouma. A Mão anavala mkanjo wawo wakuda, nayala tebulo pakati pa mizere: nkhuku yowiritsa, mpunga womata, mchere, mowa, zovala za pepala zoti Kha adzasinthe zonyowazo, munthu wa pepala wa Eni madzi, ndi mbale yodzaza mchenga woyera momwe mzimu udzakhale ukatuluka. Hiên anaima m'mphepete, mapazi ali m'matope, nsonga ya nsalu ataikulunga kudzanja, nkhope ili gwa.

Xoan anapalasa kulowera kudziwe, nsalu ikutambasuka pambuyo pake. Padziwepo nsungwi siifika pansi, ndipo madzi amazungulira osapuma. Anakhala kumchira kwa bwato, naponda nkhafi ndi mapazi monga timachitira manja akatanganidwa, manja onse awiri atagwira nsalu. Anayenera kupalasa osaleka kuti angokhala pamalo amodzi. Nsaluyo inamwa madzi, inalemera, inayamba kumukoka m'mapewa.

A Mão analiza kabelu, nayamba kuimba mapemphero awo. Anapepesa Hà Bá ndi mayina ake onse aulemu, nayandamitsa munthu wa pepala uja pa kabwato ka khungwa la nthochi. Kanayenda, kanazungulira, kanamira, anthu pa khoma n'kuti aaa, walandira. Ndiye anaitana Kha, dzina lake, dzina la bambo ake, mizimu yake itatu ndi mithunzi yake isanu ndi iwiri, poti kwathu mwamuna amakhala ndi isanu ndi iwiri, mkazi isanu ndi inayi, kuti zonse zisonkhane zikwere pa nsalu.

Anaponya. Tindalama tinalira m'mbale. Xoan anaona nkhalamba ikupukusa mutu. Tonse tiwiri chafufumimba.

"Bambo a Na," anatero kulankhula ndi madzi, "ndi ine. Musaope, kwerani."

A Mão anathira mowa pansi, anaitananso, anaponyanso. Tonse tiwiri chagada, kuja timati mizimu ikuseka. Phokoso linayamba pa khoma ngati njuchi. Mwamuna wina anakuwa, mawu ake n'kuwoloka madzi onse.

"Mulibe! Anatuluka kalekale ameneyo! Anapondera mwana wa eni!"

Miyendo ya Xoan inali itayamba kuphwanya, manja atachita dzanzi. Mantha anamugwira, mantha enieni, koyamba chiyambireni nkhaniyi. Bwanji ngati Sinh ankanena zoona? Bwanji ngati kuzizira kwa pansipo kumasintha munthu, ngakhale munthu ngati Kha? Kwatsala kuponya kumodzi, ndipo kukakana, dzina lija likhala la Kha mpaka kale, litatsimikizidwa ndi mkazi wake yemwe pamaso pa mudzi wonse. Anayang'ana madzi akudawo akuzungulira. Kenako mkwiyo unabwera n'kukankha manthawo.

"Musandichititse manyazi inu! Ndasoka mpaka zala kuphulika. Mukudikira chiyani pansipo? Chakugwirani n'chiyani?"

Atangofunsa, yankho analidziwa. Anakhala naye zaka zambiri mwamuna ameneyu. Sankayamba kudya mwana asanakhute. Akawolotsa anthu ankatsika womaliza, ataona kuti aliyense waponda pouma. Munthu wotero angakwere ulalo yekha, kusiya kamwana mumdima?

Anaimirira, nkhafi zikumuthawa kumapazi, nakuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Agogo, musaponye! Amake Mít! Alimo, koma sakwera okha! Muitaneni mwana!"

Hiên sanagwedezeke.

"Muitaneni! Ali naye pansipo! Sangamusiye!"

A Mão anatsokomola. Mawu awo anafika kubwato, poti pamadzi mawu sabisika.

"Mwana wanga, zimenezi sizichitika chonchi. Ndakonzera munthu mmodzi. Akatuluka awiri, winayo akhala pati? Mbale ndi imodzi."

Hiên anayang'ana mbaleyo. Anayang'ana khoma lodzaza anansi ake, amene adzauze apongozi ake zonse dzuwa lisanalowe. Ndiye analowetsa dzanja lopanda nsalu m'malaya mwake, natulutsa kambale kadothi kobenthuka m'mphepete, kojambulidwa tinsomba. Kanali kambale kodyeramo mwana. Anali atachoka nako kunyumba, atakabisa pamimba m'mawa wonsewo.

Anagwada, anakadzaza mchenga ndi dzanja limodzi, nakapereka kwa a Mão. Nkhalamba inakayang'ana kwa kanthawi, kenako inazikamo lubani, osanenanso za malamulo.

Hiên anatembenukira kumadzi. Anaitana.

"Mít." Dzinalo anali asanalitchulepo chiikireni maliro. "Mít, mwana wanga! Mizimu yako itatu, mithunzi yako isanu ndi inayi, kulikonse uli, bwerera kwa amayi! Wakhalitsa m'madzi, tuluka! Usawaope amalumewo, ndi abambo ake a Na. Sangakutani. Agwire dzanja!"

Amayi pa khoma anayamba kulira. A Mão anakweza mbale yawo, naponya kachitatu. Tindalama tinadumpha, kena kanagona, kena kanazungulira m'mphepete ngati sikakufuna kugwa, kenako kanagona nako. Nkhalamba inawerama, inayang'anitsitsa, n'kukweza mbaleyo kuti khoma lonse lione.

"Avomera! Kena chagada, kena chafufumimba! Alimo, akukwera!"

Xoan sanakuwe. Analeka kupalasa, bwato n'kuyamba kutembenuka lokha. Anaweramira pamadzi, misozi ikugwera pa nsalu.

"Ndinadziwa ine," anatero. "Muberekeni kumsana, bambo a Na, nsaluyi ikuterera. Kazipitani, ndikupezani kumtunda."

Anatsitsira nsonga yake m'madzi, naisiya. Hiên anayamba kukoka pang'onopang'ono, dzanja ili kenako ili, nsalu yolemerayo ikukwera m'matope n'kuunjikana pamapazi ake. Amuna awiri anatsika pa khoma kuthamangira kudzamuthandiza. Hiên anawatchinga ndi chigongono, osawayang'ana n'komwe.

"Chokani, inu mukoka mwamphamvu," anatero. "Mungawagwetse."